Timu ya basketball ya Chicago Bulls yatulutsidwanso ndi Miami mu April 2025: vuto ndi osewera kapena mwini timu?

D1 wa ku Area 25: Anthu inu ine ndatopa. Tulo ndasiya, bandulo ndagula, ndiye Miami ibwere pakhomo pathu pomwe ku United Center kudzatikwapula 109 kwa 90? Mu 2023 inali Miami, 2024 Miami, 2025 Miami yomweyo, pa play-in pomwepo, magemu olimbirana malo otsala olowera ma playoffs, ndime yochotsana yolimbira chikho. Sizoni ya 2024-25 tawina magemu 39 n'kuluza 43, chimodzimodzi ya 2023-24. Timu imeneyi siikwera, siitsika, yangoima. Mwini timu Reinsdorf agulitse basi.

Wa Lakers: Kkkkk pepani anamfedwa. Maliro ali kuti tibwere ndi nkhuni? Ife kuno Luka Dončić tamulandira bwinobwino, khomo n'lotsegula, bwerani.

D1 wa ku Area 25: Iwe usandiyambe m'mawa uno.

Nachisale wa kaunjika: Achimwene ndifunseko, musandiseke. Ine basketball sindiitsata kwenikweni, anandilowetsa m'gulu muno ndi mng'ono wanga. Koma ku Limbe kuno ndikatsegula belo n'kupezamo jezi kapena kapu ya ng'ombe yofiira ija, dzuwa silifika pamutu isanagulidwe. Ndimaganiza kuti ndiyo timu yaikulu kuposa onse. Ndiye mukuti ikungoluza?

Madala 23: Achemwali, funso lanu ndi labwino kuposa phokoso la anyamatawa. Chikho chomaliza Bulls inatenga mu 1998. Ambiri amene amakugulani makapuwo anali asanabadwe. Chimene mukugulitsa inu ndi mbiri ya zaka za m'ma 1990.

Timuyi inayamba mu 1966. Anaiyambitsa ndi Dick Klein, ndipo ndalama yolowera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, inali madola 1.6 miliyoni. Mzinda wa Chicago unali utalepherapo kale kusunga matimu awiri: Stags inatha mu 1950, kenako Packers, imene inasintha dzina kukhala Zephyrs, inasamukira ku Baltimore mu 1963, ndipo lero ndi Washington Wizards. Choncho anthu ambiri ankaona ngati basketball ndi Chicago sizigwirizana. Nthawi imeneyo mzindawu unkadziwika ndi makola ndi malo akuluakulu ophera ng'ombe, ndipo bwalo loyamba la timuyi, International Amphitheatre, linali pafupi ndi makolawo. Mutu wa ng'ombe mukuuona pa makapuwo anaujambula chaka chomwecho cha 1966, mpaka lero sanausinthe. Matimu ena asintha zizindikiro kangapo, iyi ayi.

Sizoni yoyamba anawina 33 n'kuluza 48, koma analowabe ma playoffs, chinthu chachilendo kwa timu yongobadwa kumene. M'zaka za m'ma 1970 kunali timu yolimba ya kochi Dick Motta: Jerry Sloan, Bob Love, Chet Walker, Norm Van Lier. Anthu ankaopa kusewera nawo chifukwa ankatchinga mwankhanza. Mu 1975 anatsala pang'ono kufika mu fainolo, Golden State inawatulutsa pa gemu ya 7. Zitatero timu inalowa pansi.

Wa Lakers: Madala musadumphe 1979. Nenani zonse.

Madala 23: Ndimadziwa kuti ubwera. Mu 1979 anaponya ndalama yachitsulo m'mwamba kuti aone amene ayambe kusankha pa draft (mwambo wosankha osewera atsopano), Bulls kapena Lakers. Inagwera Lakers, anatenga Magic Johnson. Ife tinatenga David Greenwood. Koma mphwanga, tikanatenga Magic sitikanakhala pansi mu 1984, ndipo Michael Jordan akanapita kwina. Houston inayamba n'kutenga Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, Portland inatenga Sam Bowie, Jordan anatsalira ife pa nambala 3. Ndiponso chikho chathu choyamba mu 1991 tinachilanda m'manja mwa Magic yemweyo, 4 kwa 1. Ukufuna ndipitirize?

Wa Lakers: Ife tili ndi zikho 17, inu 6. Pitirizani.

Akawuntanti: Ndiloleni ndilowepo pa nkhani ya mwini timu, chifukwa D1 akulankhula ndi mkwiyo wa tulo. Jerry Reinsdorf anagula gawo loposa theka la Bulls mu 1985 pa madola 9.2 miliyoni, timu yonse itawerengedwa kuti ndi ya pafupifupi 16 miliyoni. Lero owerengera chuma cha matimu amaiika pamwamba pa madola 4 biliyoni. Asanabwere iye timuyi inali ya gulu la anthu olemera lotsogozedwa ndi banja la Wirtz, ndipo bwalo la Chicago Stadium nthawi zambiri linkakhala ndi mipando yopanda anthu. Zikho zonse 6 zabwera iye ali pampando. United Center, imene inatsegulidwa mu 1994, anamanga ndi iye mogwirizana ndi banja la Wirtz, eni ake a timu ya hockey ya Blackhawks, ndipo amagawana pakati. Jordan atasiya basketball mu 1993 n'kukasewera baseball ku Birmingham Barons, mkuluyu anapitiriza kumulipira malipiro ake a ku Bulls. Sizoni ya 1996-97 anamupatsa madola oposa 30 miliyoni, yotsatira oposa 33 miliyoni, ndalama zimene panthawiyo zinkaposa malipiro a matimu ena athunthu. Munthu woumira sachita zimenezo.

D1 wa ku Area 25: Bwana, Jordan anamupeza ali kale m'timu. Anamusankha ndi Rod Thorn mu 1984, Reinsdorf wabwera 1985. Anagula nyumba muli kale chuma. Ndipo za kuumira musayambe. Scottie Pippen anasaina zaka 7 pa madola 18 miliyoni mu 1991, malipiro a anthu ena onse mu ligi anakwera, iye anangokhala pomwepo mpaka 1998. Wosewera wachiwiri pa timu ya zikho 6 ameneyo.

Akawuntanti: Pippen anasaina yekha, palibe anamugwira dzanja. Ankafuna chitetezo chifukwa cha banja lake losauka ku Arkansas, ndipo Reinsdorf amanena kuti anamuchenjeza kuti kontrakitiyo ndi yaitali kwambiri.

D1 wa ku Area 25: Kuchenjeza munthu kenako n'kumukakamira pa pepala lomwelo kwa zaka 7. Ubwino wake uli pati?

Madala 23: Apa ine ndili pakati. Akawuntanti akunena zoona kuti Reinsdorf anachita chinthu chimodzi chachikulu: analemba ntchito Jerry Krause kuti aziyang'anira zosankha osewera. Anthu amamuda Krause, koma taonani zimene anachita. Mu 1987 anapeza Pippen, mwana wa kasukulu kosadziwika ka Central Arkansas, posinthana ndi Seattle, natenganso Horace Grant tsiku lomwelo. Mu 1988 anapereka Charles Oakley, mnzake wa Jordan wapamtima, kuti apeze Bill Cartwright. Jordan anakwiya, koma Cartwright ndi amene ankalimbana ndi zimphona pansi pa basiketi. Anabweretsa Tex Winter ndi kaseweredwe kake ka triangle, anakatenga Phil Jackson ku ligi yaing'ono, ndipo mu 1989 anamukweza kukhala kochi wamkulu m'malo mwa Doug Collins. Toni Kukoč anamusaka ku Ulaya nthawi imene matimu ambiri ankapeputsa osewera a kumeneko. Dennis Rodman, amene aliyense ankamuopa chifukwa cha khalidwe, anamutenga ku San Antonio mu 1995 pongopereka Will Perdue.

Kumbukirani kuti Jordan anakhala zaka 6 akugoletsa mapointi ochititsa mantha koma wopanda chikho. Anagoletsa 63 ku Boston mu 1986, timu inaluzabe. Detroit Pistons inatitulutsa 1988, 1989, 1990, ikumugwetsa pansi akangolowa mkati. Zinasintha anzake atakhwima. 1991 tinasesa Detroit 4 kwa 0, kenako Lakers. 1992 Portland. 1993 Phoenix, John Paxson ataponya ya mapointi atatu kutatsala masekondi ochepa. Bambo ake a Jordan ataphedwa chaka chomwecho iye anasiya, n'kubwerera mu March 1995 atavala nambala 45. Kenako 1996 kuwina 72 kuluza 10 n'kumenya Seattle, 1997 ndi 1998 Utah kawiri konse. Mafainolo 6, kuluza ziro.

Ife kuno tinalibe ngakhale TV yathuyathu, TVM inadzayamba 1999. Tinkadalira matepi a vidiyo ochokera kwa abale akunja ndi nyumba zochepa zimene zinali ndi dishi. Tepi imodzi inkazungulira lokeshoni yonse mpaka zithunzi kuyamba kunjenjemera, gemu yoti inaseweredwa miyezi yapitayo ife n'kumakuwa ngati ikuchitika pompo. Mwana aliyense pa bwalo ankatulutsa lilime polumpha.

Nangozo ku Joni: Madala mwafotokoza bwino, koma mwaima pabwino pokha. Nenaninso mmene inathera. Timu yoti yangotenga chikho chachitatu chotsatizana, mwini wake n'kulola kuti iphwasuke? Krause anauza Phil Jackson sizoni isanayambe kuti ngakhale awine magemu onse 82 sabwereranso. Jordan ananena poyera kuti sasewera pansi pa kochi wina. Reinsdorf akanafuna akanaletsa ndi foni imodzi. Pofika January 1999 Jordan wasiya, Pippen ku Houston, Steve Kerr ku San Antonio, Luc Longley ku Phoenix, Rodman wamasulidwa. Sizoni imeneyo tinawina 13 n'kuluza 37, ndipo gemu ina tinangogoletsa mapointi 49 okha. Otimenya tsiku limenelo anali ndani? Miami. Matendawa ndi akale.

Akawuntanti: Osewerawo anali atakalamba, asisi. Rodman anali ndi zaka 37, Pippen msana unali utayamba kuvuta. Kuwalipira onse ndalama zimene ankafuna kukanamanga timu kwa zaka zambiri.

Nangozo ku Joni: Nanga atawamasula timu inamasuka? Zaka 6 osalowa ma playoffs. Anatenga Elton Brand pa nambala 1 mu 1999, mnyamata woti ankagoletsa 20 pa gemu, n'kumugulitsa patangotha zaka ziwiri kuti ayambirenso ndi ana ochokera ku sekondale. Katswiri amachotsedwa ndi womugonjetsa pabwalo. Awa anachotsedwa mu ofesi.

Wa ku London: Ndangodzuka, ndapeza mauthenga ambirimbiri. Ine Bulls sindinaikonde chifukwa cha Jordan. Kuno ambiri a ku Africa tinaikonda chifukwa cha Luol Deng. Anabadwira ku Wau, kumene lero ndi South Sudan, banja linathawa nkhondo kupita ku Egypt, kenako anakulira kum'mwera kwa London kuno, basketball anaikulitsira ku Brixton. Anafika ku Bulls mu 2004, anakhala pafupifupi zaka 10, anasankhidwa kawiri kusewera gemu ya All-Star ya akatswiri a ligi yonse, 2012 ndi 2013, ndipo masizoni awiri amenewo palibe wosewera mu ligi yonse amene ankakhala m'bwalo mphindi zambiri pa gemu kuposa iye. Kochi Tom Thibodeau ankamugwiritsa ntchito osamupumitsa. Malipiro ake? January 2014 atakana kontrakiti imene anaiona kuti ndi yochepa, anamutumiza ku Cleveland posinthana ndi Andrew Bynum, ndipo Bynum anamuchotsa nthawi yomweyo asanavale n'komwe jezi. Cholinga chinali kupulumutsa ndalama basi. Akawuntanti, imeneyonso muiteteza?

Akawuntanti: Imeneyo inali yothawa luxury tax, sindikana. Kwa amene simukudziwa: NBA imaika malire a ndalama zolipira osewera, timu ikadutsa mzere wina imalipira chindapusa, ndipo gawo la chindapusacho limagawidwa kwa matimu amene sanadutse. Golden State ndi Clippers akhala akulipira zambirimbiri. Bulls kawirikawiri imakhala kumbali yolandira.

D1 wa ku Area 25: Mwamva? Timu ya mzinda wachitatu kukula mu America, kumalandira chithandizo ngati ya kumudzi.

Wa ku London: Deng yemweyo lero ndi pulezidenti wa bungwe la basketball ku South Sudan, waika ndalama zake zomwe, ndipo dziko lija linafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024 n'kumenya Puerto Rico. Munthu amene Bulls inamuwerengera makobidi.

Nangozo ku Joni: Ndinamuona ndi maso anga mu 2015 ku Ellis Park Arena, pa gemu yoyamba ya NBA mu Africa, ali kaputeni wa Team Africa. Apo n'kuti ali ku Miami, koma majezi ofiira a Bulls anali mbwee m'bwalomo. Kuno ena amakumbukiranso Thabo Sefolosha, bambo ake ndi a ku South Africa konkuno, anayambira ku Bulls mu 2006. Ndiye kuli Joakim Noah, agogo ake a ku Cameroon. Timuyi ili ndi mizu kuno kuposa mmene anthu amaganizira.

D1 wa ku Area 25: Ine wanga ndi Derrick Rose, dzina langali likunena kale. Madala ali ndi Jordan wawo, ife a m'badwo uno tinali ndi Rose. Mwayi woti Bulls ipeze nambala 1 pa draft ya 2008 unali 1.7 peresenti yokha, koma inapeza, n'kutenga mwana wobadwira mu Chicago momwemo, wa ku Englewood, dera lovuta. Mu 2011 anakhala MVP, wosewera woposa onse pa sizoni, ali ndi zaka 22, wamng'ono kuposa onse m'mbiri ya ligi, timu itawina 62. Miami ya LeBron inatitulutsa 4 kwa 1, eya, Miami. Chaka chotsatira tinabweranso pamwamba. Gemu yoyamba ya ma playoffs ndi Philadelphia, 28 April 2012, tikutsogola ndi 12, kwatsala mphindi imodzi ndi masekondi pang'ono, analumpha n'kutera bondo lili gwa. Mtsempha unaduka. Mpaka lero ndimafunsa kuti ankatani m'bwalo gemu itatha kale. Kuchokera tsiku limenelo Bulls sinakhalenso timu yoopsa. Chaka chomaliza kupambana ndime ya ma playoffs ndi 2015, titamenya Milwaukee. Zaka 10 zapitazo!

Madala 23: Mphwanga usalire. Analengeza kuti jezi nambala 1 ya Rose aipachika m'mwamba pomulemekeza, ikakhale pamodzi ndi 4 ya Sloan, 10 ya Bob Love, 23 ya Jordan ndi 33 ya Pippen.

D1 wa ku Area 25: N'zimene amadziwa zimenezo madala, miyambo ya chikumbutso. Akaona kuti anthu akwiya amaitana akale kudzaimika manja. Jimmy Butler anamupeza pa nambala 30 mu 2011, atakhwima anamugulitsa ku Minnesota mu 2017. Usiku womwewo anagulitsa mwayi wina wosankha pa draft ku Golden State pa madola 3.5 miliyoni, ndalama basi, timu yoti ikuti ikumanganso. Masapota a ku Chicago mpaka anasonkherana n'kulipira chikwangwani chachikulu mu msewu chofuna kuti akuluakulu oyendetsa timu Gar Forman ndi John Paxson achotsedwe. Zinatenga mpaka 2020 kuti abwere Artūras Karnišovas m'malo mwawo. Iyeyo watipatsa chiyani? DeRozan, Vučević, Lonzo Ball, ma playoffs kamodzi mu 2022, Milwaukee 4 kwa 1. Alex Caruso wapita ku Oklahoma City, DeRozan ndi LaVine ku Sacramento.

Nachisale wa kaunjika: Ndiye chikundizunguza mutu n'chakuti, ngati ikuluza chonchi bwanji osaitsitsa ligi? Kuno timu ikathera kumunsi kwa Super League imatuluka.

Akawuntanti: Apo ndiye pagona nkhani yonse, achemwali. Ku NBA kulibe kutuluka. Matimu ndi 30 omwewo chaka ndi chaka. Ndalama za TV za dziko lonse amagawana mofanana, wotenga chikho ndi wothera kumunsi chimodzimodzi, ndipo mgwirizano watsopano wa zaka 11 woyambira sizoni ya 2025-26 ndi woposa madola 70 biliyoni. United Center imalowa anthu pafupifupi 21,000, ndipo Bulls kawirikawiri imakhala pakati pa matimu otsogola pa chiwerengero cha olowa pageti, iwine isawine. Kuyambira 1987 mpaka 2000 anagulitsa matikiti onse magemu 610 otsatizana, Jordan atachoka kale mzere unkapitirirabe. Alendo ochokera m'maiko ena amapita kukajambulitsa pa chiboliboli cha Jordan n'kugula tikiti. Zili ngati landilodi amene nyumba zake sizikhala zopanda munthu: denga likudontha, koma pakhomo pali mzere wa ofuna kulowa. Malata atsopano agulirenji?

Nangozo ku Joni: Ndiye mwavomereza tsopano.

Akawuntanti: Ndafotokoza chifukwa chake sagulitsa, sindinati ndikusangalala. Pa bizinesi palibe chimene walakwitsa. Timu ya 39 ndi 43 imadzaza bwalo, imakhala ndi chiyembekezo mpaka April, siilipira chindapusa. Kwa masapota ndiye malo oipitsitsa, chifukwa suli pamwamba poti n'kulimbira chikho, sulinso pansi poti n'kupeza mwayi waukulu pa draft.

Wa Lakers: Boston yangogwirizana zogulitsidwa pa madola 6.1 biliyoni mu March 2025. Sonkhani a Bulls, mwina mukwanitsa kugula tayala la basi ya timu.

Adimini: Wa Lakers, chenjezo loyamba. Nkhani ikuyenda bwino, musaisokoneze.

Madala 23: Kugulitsa sindikukuona. Mkuluyu anabadwa 1936, ndipo mwana wake Michael Reinsdorf ndi amene akuyendetsa timu tsiku ndi tsiku kuyambira 2010. Komanso mtima wa bambowo uli ku baseball, iwo sabisa. Chicago White Sox anaigula 1981, Bulls isanabwere. Mu 2024 White Sox inaluza magemu 121, manyazi osaonekapo m'mbiri ya masiku ano ya baseball, masapota akuimba m'bwalo kuti agulitse. Nthawi imeneyo sanasunthe. Ndiye asunthe chifukwa cha D1 wa ku Area 25?

Chimene sindigwirizana nacho n'chimene masapota anachita mu January 2024. Pa mwambo wolemekeza akale a timu, dzina la Krause litatchulidwa bwalo linakuwiza, munthu woti anamwalira 2017, mkazi wake wamasiye atakhala pompo akulira pamaso pa makamera. Zija zinali zopanda ulemu. Mkwiyo wa zaka zonsezi anautulira pa munthu wakufa, mwini timu ali phee.

Nangozo ku Joni: Apo tagwirizana madala. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu pamenepa ndi Reinsdorf. Krause anali wantchito.

Nachisale wa kaunjika: Ndiye kapena ndisiye kugulitsa makapuwa, tisamulemeretse munthuyu? Kkkk

Akawuntanti: Gulitsani mayi, pa kaunjika iye sapezapo ngakhale tambala. Ndalama anadya kale pamene kapuyo inagulidwa koyamba ku America.

Nangozo ku Joni: Ndipo zambiri za kuno ku Joni n'zosindikiza, ng'ombe ina imachita kuoneka ngati mbuzi. Koma pali kusiyana pakati pa ovala ndi otsatira. Mufunse wovala kapu pa depoti kuti atchule osewera awiri a panopa. Akuuzani Jordan ndi Jordan.

Wa ku London: Musawanyoze. Ambiri tinayamba ndi kapu, masewera tinawadziwa pambuyo. Mwana wanga anayamba ndi nsapato, lero amadzuka usiku kuonera Coby White ndi Josh Giddey, ndipo akuti Matas Buzelis adzakhala munthu. Bulls itabwera ku Paris mu January 2023 kudzasewera ndi Detroit, matimu onse awiri sanali abwino, koma bwalo linadzaza ndipo ambiri anavala zofiira.

D1 wa ku Area 25: Buzelis ndi mwana wa ku Chicago komweko, ndimamukonda. Koma ndikudziwa kale mathero ake. Akadzafika pofuna ndalama zenizeni mudzamva kuti wapita.

Madala 23: Ndiye usiya? Wa Lakers watsegula khomo.

D1 wa ku Area 25: Ndisiye ndipite kuti? Lotale yopezera malo oyamba osankhira pa draft ili mu May. Mu 2008 inatheka ndi 1.7 peresenti.

Akawuntanti: Mwaona? Kasitomala wa chonchi ndi amene Reinsdorf amamudalira.

Wa Lakers: Adimini, ndingafunseko kuti ma playoffs a Bulls ayamba liti, kapena chimenecho ndi chenjezo lachiwiri?

Adimini: Lachiwiri.